Mizere ya PS-b-PMMA ikukana kuwongoka: tiwonjezere maola kapena tisinthe njira?

Namzeze:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Polima yake ndi PS-b-PMMA, block copolymer, kutanthauza tcheni imodzi ya zigawo ziwiri zolumikizana, polystyrene (PS) ndi poly(methyl methacrylate) (PMMA), kulemera kwa molekyu 37,000 (37k) mbali ya PS ndi 37k mbali ya PMMA, imene imapanga mizere yotalikirana pafupifupi nanomita 40. Pansi pali wefa ya silikoni yokutidwa ndi brush ya P(S-r-MMA), kamuyalo kopyapyala ka matcheni a styrene ndi MMA zosakanikirana kothandiza kuti pansi pasakondere PS kapena PMMA. Filimu ndi yochindikala nanomita 40, yoyalidwa pa spin coater, makina oyala filimu pozunguza wefa, polima itasungunulidwa mu toluene, kenako n'kuwotchedwa mu uvuni wopopedwa mpweya pa madigiri 180. Mizere yaimirira bwinobwino, palibe pamene yagona. Vuto n'lakuti pa SEM, maikulosikopu ya ma elekitironi, ikuoneka ngati chidindo cha chala: yokhotakhota, ina yothera panjira, ina yogawikana pawiri. Filimu ya maola 24 ndi ya maola 48 sizikusiyana n'komwe ukamaona ndi maso. Ndingowonjezera nthawi mpaka sabata yathunthu, kapena pali china chalakwika? Funso lachiwiri: zilema zimenezi mumaziwerenga bwanji kuti munthu anene motsimikiza kuti filimu iyi yaposa iyo?

Kadzidzi:
Palibe chalakwika achemwali, ndi mmene zinthu zimenezi zimayendera. Mu 2000 gulu la ku Princeton, a Christopher Harrison pamodzi ndi a Richard Register, a Paul Chaikin ndi anzawo, linalemba mu Science zimene linaona potsatira mizere ya block copolymer ikamadzikonza. Anapeza kuti mtunda umene mizere imayenda ikulozabe mbali imodzi, uja timaulemba ndi ξ, umakula ngati nthawi pa mphamvu ya 1/4. Werengerani nokha. Kuchoka pa maola 24 kufika 48, ξ yakula ndi 19 peresenti yokha, diso silingaone. Sabata yathunthu ikupatsani pafupifupi 60 peresenti. Kuti ξ iwirikize kawiri, nthawi iwirikize ka 16. Kuti ikule kakhumi, nthawi iwirikize ka 10,000, ndiye kuti zaka 27 ngati munayambira pa tsiku limodzi. Musazunze uvuni.

Namzeze:
Zaka 27! Chabwino, ndamva. Koma n'chifukwa chiyani zimachedwa chonchi? Zilema ziwiri zotsutsana sizimangokokana n'kufafanizana?

Gologolo:
Tiyambe talekanitsa zilemazo, chifukwa anthu amazisakaniza. Dislocation ndi pamene mzere umodzi wathera pakati pa inzake. Mukazungulira malowo mukuwerenga mizere, mbali imodzi ili ndi mzere umodzi woposa mbali inayo. Kutali ndi chilemacho mizere ikulozabe kumodzi. Disclination ndi ina: apa mizere yokha yatembenuka. Pa +1/2, mizere imakhota n'kubwerera kumene yachokera mozungulira nsonga ya mzere umodzi, ngati chilembo U. Pa −1/2, magulu atatu a mizere amakumana ngati chilembo Y. Chimene chimapha ξ ndi ma disclination. Ma dislocation ndi ambiri, pa ntchito ya a Harrison anali pafupifupi kakhumi kuposa ma disclination, koma sawononga kwambiri kumene mizere ikuloza.

Ndipo chilichonse mwa izi chili ndi mitundu iwiri, chapakati pake chikhoza kukhala PS kapena PMMA. Mukaona kuti mizere yothera panjira yambiri ndi ya PMMA pamene ya PS ikulumikizana ngati ukonde, dziwani kuti PS yachulukirako pang'ono mu polima yanu, ngakhale botolo likunena theka ndi theka.

Kadzidzi:
Pa funso la kukokana lija, apa m'pamene pagona nkhani. Tengani +1/2 ndi −1/2 zotalikirana mizere isanu. Mukaziona chapatali, ziwirizi pamodzi ndi dislocation imodzi yaikulu, yokhala ndi mizere yowonjezera pafupifupi khumi, kuwirikiza kawiri mtunda wa pakati pawo. Ndiye zikamayandikirana, mizere yowonjezerayo sizimiririka yokha. Iyenera kupita kwina. Imatuluka ngati ma dislocation ang'onoang'ono, ndipo pafunika disclination yachitatu kapena yachinayi chapafupi yoti iwameze. N'zimene gulu lija linaona pojambula malo amodzimodzi mobwerezabwereza ndi AFM, maikulosikopu yopapasa pamwamba ndi kansonga: zilema zimafa zitatu kapena zinayi nthawi imodzi, osati ziwiriziwiri.

Masamu ake ndi achidule. Mphamvu yokokana imachepa ngati 1/R, R kukhala mtunda wa pakati pa zilema. Kayendedwe ka matcheni kamatsata kusiyana kwa mphamvuyo pa mtunda, ndiye 1/R². Malo oyenera kusamutsidwa kuti chilema chisunthe pang'ono amakula ngati R. Mukaphatikiza, liwiro limapita ngati 1/R³, ndipo R pa mphamvu ya 4 imafanana ndi nthawi. Ndi kumene kwachokera 1/4.

Mlonda wa Uvuni:
A Kadzidzi, zonsezo n'zoona koma mwawakomera mtima achemwaliwa. Mizere ya a Harrison inali masilinda ogona, muyalo umodzi wokha. Ya a Namzeze ndi ma lamella oimirira, makoma ochoka pansi kufika pamwamba. Si chimodzimodzi. A Ricardo Ruiz ndi a Charles Black ali ku IBM anayerekeza mitundu iwiriyi pa PS-b-PMMA, ndipo masilinda ogona ankadzikonza msanga kwambiri kuposa ma lamella. Chifukwa chake n'chomveka: silinda yogona yazunguliridwa ndi PS pamwamba ndi pansi, tcheni ili ndi njira yolambalala. Mu lamella yoimirira mulibe polambalala. Tcheni ikafuna kudumpha kupita mzere wina, iyenera kukoka chigawo chake cha PS kudutsa mu PMMA, kapena cha PMMA kudutsa mu PS, ndipo mwayi wa zimenezo umagwa mofulumira χN ikamakwera, χ kukhala muyeso wa mmene PS ndi PMMA zimadanirana, N kukhala chiwerengero cha ma monomer mu tcheni. A Timothy Lodge anaonetsa kugwa kumeneku kalekale, m'ma 1990. Ndiye 19 peresenti ija mwina simunaipeze n'komwe.

N'chifukwa chakenso dislocation imayenda mosavuta motsata mzere, kuja timati climb, popeza matcheni amangotsetsereka m'malire a PS ndi PMMA. Kudumpha mizere chopingasa, glide, kumafuna kuti mzere uduke n'kulumikizika ndi wina. Awiri otsutsana akakhala pa mzere umodzimodzi amakumana msanga. Akasiyana ndi mizere itatu kapena inayi amakhala pompo akuyang'anizana.

Malangizo anga: siyani madigiri 180. Ikani pa hot plate ya madigiri 250 kwa mphindi 5, m'kati mwa nayitrojeni. Mudzaona kusiyana kumene maola 48 alephera kukupatsani.

Namzeze:
Pa 250 polima siwonongeka? Komanso ndimaganiza kuti kutentha kwambiri kumachepetsa χ mpaka mizere kusungunuka.

Mlonda wa Uvuni:
Kwa ma polima ena inde, koma PS ndi PMMA ndi zouma mutu pa nkhani imeneyo. A Thomas Russell ndi anzawo anayeza mu 1990 kuti χ ndi 0.028 kuphatikiza 3.9/T, T mu makelivini. Pa madigiri 170 ndi 0.0368, pa 250 ndi 0.0355. Kusiyana kosakwana 4 peresenti. N yanu ndi pafupifupi 730, mukagawa 37,000 ndi 104 ya styrene ndi 37,000 ndi 100 ya MMA. Ndiye χN ili cha pa 26 kapena 27, pamene malire osungunukira amene a Ludwik Leibler anawerengera mu 1980 ndi 10.5. Muli kutali. Chimene kutentha kumasintha ndi kufewa. PS imayamba kufewa cha pa madigiri 100, PMMA mochedwerapo pang'ono, ndipo madigiri aliwonse amene mwawonjezera pamwamba pake amathamangitsa matcheni kwambiri.

Za kuwonongeka: mdani ndi okosijeni ndi nthawi. Mphindi 5 mu nayitrojeni palibe vuto, n'zimene amachita opanga ma chip poyesa njirayi. Koma 250 mu mpweya wamba, kapena 250 kwa maola, PMMA imayamba kumasuka kubwerera ku monomer ndipo filimu imapyapyala. Yezani kuchindikala ndi ellipsometer musanawotche ndi mutawotcha. Kukatsika ndi nanomita zoposa ziwiri kapena zitatu, mwapsereza.

Chinanso, musakhulupirire nambala ya pa uvuni wopopedwa mpweya. Mopanda mpweya kutentha kumafika pa wefa makamaka kudzera pa shelefu. Wefa ikakhala m'mbale ya galasi imachedwa kutentha ndipo ikhoza kutsalira ndi madigiri angapo. Mamatizani thermocouple, kawaya koyezera kutentha, pa kachidutswa ka silikoni, muike pambali pa sampulo.

Nankabai:
Musanathamangire kusintha kutentha, onetsetsani brush. Mwati mizere yaimirira paliponse, koma SEM imaona pamwamba pokha. Brush ikapendekera mbali imodzi, pamwamba mumaona mizere yooneka bwino pamene pansi pali kamuyalo kogona ka PMMA, kapena mizere yolumikizana pansi ngati U. Zilema zotere zimagwidwa pansi ndipo sizisuntha.

Zoyenera kuyeza ndi izi. Mukatsuka wefa ndi plasma ya okosijeni kapena UV ozone, dontho la madzi lifalikire, ngodya yake isafike madigiri 10. Yalani brush nthawi yomweyo, osadikira mawa. Wotchani kuti nsonga ya OH ya matcheni a brush igwirane ndi oxide ya pamwamba pa silikoni, kenako tsukani ndi toluene kangapo kuchotsa matcheni osagwira. Zikatsala zosagwira zimalowa mu block copolymer n'kusokoneza. Mukatsuka, brush ikhale nanomita 5 kapena kuposerapo. Yopyapyala kuposa apo, PMMA imamvabe kukoka kwa oxide kudzera m'mipata. Ngodya ya madzi ikhale pakati pa ya PMMA, cha pa 70, ndi ya PS, cha pa 90. A Mansky ndi anzawo mu 1997 anapeza kuti brush yosakondera ili ndi styrene pafupifupi 60 peresenti. Kwa masilinda a PMMA oimirira pamafunika styrene wochulukirapo, ndiye musabwereke brush ya mnzanu osafunsa kuti anaikonzera chiyani.

Ndipo nthawi zonse ikani kasampulo kena pa silikoni wopanda brush. Kameneko ma lamella amagona, PMMA pansi, PS pamwamba, ndipo filimu imafuna kuchindikala kwa theka la L0, kapena limodzi ndi theka, kapena ziwiri ndi theka, L0 kukhala mtunda wochoka pa mzere wa PS kufika pa wa PS wotsatira. Ikakhala pakati imapanga zilumba ndi maenje zimene mumaziona ndi maikulosikopu wamba. Msinkhu wa chilumba pa AFM ndi L0 yeniyeni ya polima yanu. Musadalire 40 wa papepala.

Namzeze:
Ngodya ya madzi pa brush ndi 76, kuchindikala nanomita 6. Ndikuganiza kuti ili bwino. Kasampulo kopanda brush ndikonza.

Nankabai:
Ili bwino imeneyo. Sefaninso madzi a polima ndi sefa ya PTFE ya 0.2 maikuroni musanayale. Kafumbi kamodzi kamakhala chikhomo, mizere imazungulira pamenepo ndipo ngakhale muwotche bwanji sichoka.

Gologolo:
Ndibwerere ku funso lachiwiri, la kuwerenga, chifukwa zambiri zimene anthu amalengeza zimagwera pamenepa.

Choyamba chithunzi. PS ndi PMMA sizisiyana kwambiri pa SEM, ndiye perekani plasma ya okosijeni ya masekondi ochepa. PMMA imadyeka pafupifupi kawiri kuposa PS, imatsika, PS n'kuoneka yowala. Musapitirire: mukadya kwambiri, timilatho tating'ono ta pakati pa mizere timaduka ndipo mumawerenga zilema zimene kunalibe. Voteji ikhale yotsika, 1 kapena 2 kV, ndipo muike focus pamalo ena kenako n'kusunthira pamalo atsopano pojambula, chifukwa ma elekitironi amaphwanya PMMA. Pa L0 imodzi pakhale ma pixel osachepera 10, ndiye nanomita 4 pa pixel kapena kucheperapo.

Kenako pa pixel iliyonse pezani ngodya θ imene mzere ukuloza, kuchokera ku kusintha kwa kuwala, mutasalaza chithunzi pa mtunda wonga L0. Kumbukirani kuti mzere ulibe mutu ndi mchira: madigiri 0 ndi 180 n'chimodzi. Ndiye mumagwiritsa ntchito 2θ. Werengerani avareji ya cos ya 2 kuchulukitsa kusiyana kwa ngodya pa mfundo ziwiri zotalikirana r, pa ma r osiyanasiyana, kenako fananizani ndi exp(−r/ξ). Amene amaiwala 2 uja amapeza ξ yopanda tanthauzo.

Ma disclination mumawapeza pozungulira kabwalo kakang'ono mukuphatikiza kusintha kwa θ: mukapeza +180 ndi +1/2, mukapeza −180 ndi −1/2. Ma dislocation, sandutsani chithunzi chakuda ndi choyera, chepetsani mzere uliwonse ukhale wa pixel imodzi, werengani nsonga ndi mphambano. Chitani kawiri, kwa PS ndi kwa PMMA, popeza nsonga ya wina ndi mphambano ya mnzake. Chotsani nsonga zimene zili m'mphepete mwa chithunzi, si zilema zimenezo. Gulu la a Jillian Buriak ku Alberta linatulutsa pulogalamu ya ImageJ yochita zimenezi mu 2015, ngati simukufuna kulemba yanu.

Msampha waukulu ndi kukula kwa chithunzi. Mbali yake ikhale kakhumi kuposa ξ, apo ayi ξ imene mukuyeza ndi ya chithunzi osati ya filimu. Mudzaona ngati ξ yasiya kukula pamene kwangochepa malo amene mukuyang'ana. Jambulani malo osachepera asanu pa sampulo, osasankha okongola, ndipo pewani m'mphepete mwa wefa pamene spin coater imasiya filimu yochindikala.

Chiwala:
Funso la munthu wongophunzira kumene. Kodi zilemazi sizofunika kukhalapo basi chifukwa cha kutentha, monga zimakhalira mu kristalo iliyonse? Ngati ndi choncho palibe chimene tingachite.

Kadzidzi:
Funso labwino, ndipo yankho lake ndi limene limasintha kaganizidwe konse. Pa χN ya m'ma 25 kapena 30, magulu a a Glenn Fredrickson, a Marcus Müller ndi a Juan de Pablo awerengera kuti ma dislocation awiri oyandikana mu lamella amadya mphamvu yokwana mazana a kT, muyeso wa mphamvu imene kutentha kumapereka, poyerekeza ndi mizere yowongoka. Ngakhale titenge 100 kT yokha, exp(−100) ndi 10 pa mphamvu ya −43 kapena −44. Kutentha pakokha sikungabale chilema chotere ngakhale chimodzi pa wefa yonse. Zilema zimene tikuona zinabadwa m'masekondi oyamba, pamene malo osiyanasiyana anayamba kupanga mizere aliyense kuloza kwake, ndipo zakodwa. Zikufuna kufa koma pali chikweza choti zidutse.

Ndiye funso lothandiza si lakuti chilema n'chodula bwanji, koma chikwezacho n'chachitali bwanji. Mu 2014 a Weihua Li, a Paul Nealey, a de Pablo ndi a Müller anaonetsa kuti χN ikamatsika, chikweza chimatha msanga pamene mphamvu ya chilema idakali yaikulu. Pali dera pamwamba pa 10.5 pamene chilema sichingakhazikike n'komwe, chimangodzifafaniza. Mu 2015 a Su-Mi Hur ndi anzawo anaonetsa njira yake: matcheni ochepa pansonga ya mzere wothera amatambasuka kudutsa chigawo chinacho n'kupanga kamlatho, kawirikawiri pansi pafupi ndi wefa, kenako kamlathoko kamakula kukwera m'mwamba. Chovuta ndi kamlatho koyambako.

Mlonda wa Uvuni:
Pamenepo ndiikepo chenjezo, a Kadzidzi, anthu angaganize kuti kuyandikira 10.5 n'kwabwino nthawi zonse. A Matthew Hammond ndi a Edward Kramer ku Santa Barbara mu 2005 anaika masilinda ogona m'ngalande, nawotcha pa kutentha kosiyanasiyana. Pa kutentha kotsika, mizere yowongoka. Kukwera pang'ono, ma dislocation obadwa ndi kutentha anayamba kuchuluka, ndipo dongosolo linatha asanafike pamene polima yochuluka imasungunukira. Zikugwirizana ndi zimene a John Toner ndi a David Nelson analosera mu 1981, kuti mizere ya pa malo athyathyathya siingakhale ndi dongosolo lofika kutali pa kutentha kulikonse, pokhapokha pali choigwira. Ndiye a Chiwala sanalakwe kwenikweni. Kufupi ndi malire zilema za kutentha zilipodi, ndipo m'mbali mwa mizere mumakhala manyanomanyano. Nzeru ndi kudutsa m'dera lofewalo kenako n'kubwerera pang'onopang'ono kumene χN ndi yokwera.

Kadzidzi:
Eya, tikugwirizana. Dera labwino ndi lapakati.

Namzeze:
Koma mwanena kale kuti χ ya PS ndi PMMA simvera kutentha. Ndiye ndingatsitse bwanji χN?

Nankabai:
Njira zilipo zitatu, iliyonse ndi msonkho wake. Yoyamba, polima yaifupi. 18k ndi 18k ili ndi N ya cha pa 350, χN cha pa 13, imadzikonza msanga kwambiri. Koma L0 imatsika, popeza imayenda ngati N pa mphamvu ya 2/3, ndipo malire a PS ndi PMMA amakhala osalongosoka. N'chifukwa chake PS-b-PMMA imalephera L0 ikatsika kufika cha pa nanomita 22.

Yachiwiri, kusakanizamo PS ndi PMMA zazifupi zosalumikizana. Zimafewetsa filimu ndipo zimathamangira pakati pa zilema kumene matcheni atambasuka kwambiri. A Gregory Doerk ndi a Kevin Yager ku Brookhaven anaonetsa kuti zimakulitsa ξ kwambiri. Koma L0 imasintha, ndiye muyezenso.

Yachitatu ndi nthunzi ya solvent, madzi osungunulira polima. Filimu ikamwa nthunzi imatupa, χ yogwira ntchito imatsika mofanana ndi gawo la polima limene latsala. Ikatupa ka 1.5, polima ndi 67 peresenti, χN yanu ya 27 yakhala 18, ndipo matcheni akuyenda ngakhale osawotcha. Ikatupa kupitirira ka 2.5 mwadutsa malire, mizere yasungunuka, ndipo mukaumitsa mwadzidzidzi mumayambiranso pa ziro ndi zilema zatsopano. Ndiye musachite mwa mwayi ndi kabotolo kotseka. Yezani kuchindikala nthawi yonse ndi reflectometer, sakanizani nayitrojeni wouma ndi wodutsa mu solvent kuti mulamulire katupidwe. Chipinda chikasintha ndi madigiri awiri okha katupidwe kamasintha. Wefa ikazizira kuposa solvent, nthunzi imagwa ngati mame ndipo filimu imang'ambika kukhala madontho.

Koma kwa PS-b-PMMA yoimirira ine sindingayambire pamenepo. Mwayi wa polima imeneyi ndi wakuti pa madigiri a m'ma 200 PS ndi PMMA zimakonda mpweya wa pamwamba mofanana, n'chifukwa chake mizere imaima. Nthunzi imaononga mwayi umenewo. Toluene imakondera PS, acetone imakondera PMMA, ndipo chokondedwacho chimakwera pamwamba, mizere n'kugona.

Gologolo:
Tinenenso poyera: zonsezi zimakulitsa chidindo cha chala, sizichichotsa. Palibe chimene chauza mizere kuti iloze kuti. Ngati mukufuna mizere yowongoka mbali imodzi pa sampulo yonse, pafunika cholozera. Ku Princeton anakankha filimu ndi kachidutswa ka PDMS, rabala wofewa, pamwamba ili yotentha, masilinda n'kutsata kumene akukankhidwira. Ena amayendetsa kamzere kotentha ka laser pang'onopang'ono pa filimu. Ena amakumba ngalande, monga anachitira a Rachel Segalman ndi a Kramer mu 2001, dongosolo n'kuyambira pakhoma kulowa m'kati. Ndipo mu 2003 gulu la a Nealey ku Wisconsin linalemba mizere ya mankhwala pansi pa filimu, ma lamella n'kuitsata ndendende.

Pa njira ya mizere ya pansi, imene anaiyesa kwambiri ku imec ku Belgium, mizere yolozera ya PS yolimbitsidwa imatalikirana nanomita 84, pakati pake brush, ndipo polima ya L0 ya 28 imadzaza mizere itatu pa cholozera chilichonse. Zolakwika zake n'zodziwika. Mtunda wa zolozera ukasiyana ndi L0 kuchulukitsa katatu ndi maperesenti ochepa, matcheni amapanikizika kapena kutambasuka, ndipo mizere imayamba kugwedera kapena kubala ma dislocation. Cholozera chikhale chotambalala theka la L0 kapena L0 imodzi ndi theka. Chikakhala L0 yathunthu, PS ndi PMMA zimalimbirana malowo. Brush ya pakati isakhale ya 60 peresenti ija, ipendekere ku PMMA pang'ono, popeza cholozera chikakhala cha theka la L0, pamwamba pa brush pamakhala mizere itatu ya PMMA ndi iwiri yokha ya PS.

Chiwala:
Ndiye akatero zilema zimatheratu?

Gologolo:
Pa chithunzi cha SEM zimaoneka ngati zatha. Koma opanga ma chip anaika muyeso wa chilema 0.01 pa sentimita imodzi ya sikweya. Wefa ya mamilimita 300 ili ndi masentimita a sikweya pafupifupi 707, ndiye zilema zisanu ndi ziwiri pa wefa yonse. Tsono taganizani: chithunzi cha maikuroni 2 mbali zonse ndi maikuroni a sikweya 4, ndipo sentimita ya sikweya ili ndi 100 miliyoni. Pafunika zithunzi 25 miliyoni kuti muone sentimita imodzi. Munthu akakuonetsani zithunzi khumi zoyera n'kunena kuti palibe chilema, wangotsimikiza kuti zilema sizikupitirira mamiliyoni awiri ndi theka pa sentimita ya sikweya. N'chifukwa chake amagwiritsa ntchito makina ounika wefa yonse ndi kuwala, atasamutsa kale mizereyo kulowa mu silikoni, kenako SEM imapita pamalo okhawo amene akayikiridwa.

Kadzidzi:
Ndipo kwa amene ali ndi madontho m'malo mwa mizere, masilinda oimirira kapena timipira, nkhani ndi yomweyi koma kawerengedwe kasintha. Dontho lililonse liyenera kukhala ndi anansi 6. Pezani pakati pa dontho lililonse, jambulani Voronoi, malire ogawa malo pakati pa madontho oyandikana, pentani a anansi 5 ndi a anansi 7. Wa 5 woyandikana ndi wa 7 ndi dislocation imodzi, ndipo mndandanda wa awiriawiri otere ndi malire a magawo awiri olozera kosiyana. Ngodya muchulukitse ka 6 m'malo mwa ka 2. Samalani ndi madontho awiri ogundana amene pulogalamu imawatenga ngati limodzi, amabala 5 ndi 7 zabodza mozungulira.

Namzeze:
Zikomo nonse. Ndondomeko yanga tsopano: wefa imodzi ndiidule tizidutswa kuti brush ndi kuchindikala zikhale zofanana. Hot plate mu nayitrojeni pa 210, 230 ndi 250, nthawi ya mphindi 1, 2, 5 ndi 10. Ellipsometer isanayambe ndi itatha, kasampulo kopanda brush, zithunzi zisanu pa chidutswa chilichonse, kenako ξ motsutsana ndi nthawi pa log ndi log kuti ndipeze mphamvu ija.

Mlonda wa Uvuni:
Nthawi zanuzo zayandikana kwambiri. Kuchoka pa 1 kufika 10 ndi kakhumi kokha, ndipo ngati mphamvu ili 1/4 kapena kucheperapo, ξ isintha osafika kawiri. Simungasiyanitse 0.15 ndi 0.25 pa kadera kotero. Tengani masekondi 30, mphindi 2, 8, 32 ndi 128, koma yomalizayo pa 210 ndi 230 pokha, pa 250 muimire pa 32 ndipo muyang'anitsitse ellipsometer. Pa masekondi 30, silikoni imafika pa kutentha kwa mbale m'masekondi ochepa ngati yagona bwino, ndiye pukutani kumbuyo kwa chidutswa, polima yotsalira kumbuyo imachititsa kuti chisagunde mbale. Pochotsa, ikani pa chitsulo chozizira nthawi yomweyo kuti matcheni aime pamene munafuna.

Gologolo:
Ndipo pa zidutswa za 250 kulitsani malo ojambula. ξ ikafika nanomita 300 mufunika maikuroni 3 mbali iliyonse, pa nanomita 4 pa pixel ndi ma pixel 750, chithunzi cha 1024 chikwana. Ikapitirira 400, kwezani ma pixel kufika 2048 m'malo mochepetsa kuona bwino kwa mzere.